Nyenyezi za Yara, Chala cha Mtisunge

Mliri utatseka dziko, sukulu ya Yara inasamukira mu tabuleti, ndipo ntchito ya Mtisunge inalondola komweko popanda womufunsa.

Mtisunge anali atatha zaka zitatu ku Al Barsha, mu mzinda wa Dubai, m'fulati ya pamwamba kwambiri, akugwira ntchito kwa Madamu Dalia ndi amuna awo. Chimene anadzera chinali kuchapa, kusita ndi kulera Yara, kamtsikana ka zaka zisanu ndi chimodzi, ka tsitsi lopotana ndi pakamwa posadziwa kutseka. Za uphunzitsi ejenti amene anamupezera ntchitoyo sananenepo ngakhale liwu limodzi. Koma chaka cha 2020 chinabwera ndi zake. Sitima ija yoyenda pamwamba pa msewu inaleka kumveka, chimsika chachikulu chija chinatsekedwa, Lachisanu lake lopuma linafa popanda maliro, kenako a kusukulu anatumiza kalata.

Kalatayo inkati kholo lizikhala pambali pa mwana ola limodzi tsiku lililonse pamene akuchita masamu, ndipo Lachinayi lililonse lizisayina pa foni kuti lakhaladi. Madamu ankasayina. Pa nkhani ya kusayina palibe angawanene, sanaphonyepo ngakhale sabata imodzi. Kukhalako ndiye anasiyira Mtisunge, poti iwo kukangocha ankadzitsekera kuchipinda, kumtunda bulauzi yositidwa bwino, kumunsi buluku logonera, n'kumakambirana ndi anthu a mu kompyuta mpaka dzuwa kupendeka. Bwana nawo anali ndi chipinda chawo ndi anthu awo, moti m'nyumbamo ankangodziwika ndi makapu a khofi amene ankasiya pakhomo.

Mphunzitsi wa masamu mu tabuletimo anali ngamila yovala magalasi, dzina lake Zuzu. Zuzu ankayamba wafotokoza, kenako n'kufunsa funso, mwana n'kudina yankho. Akakhoza mafunso asanu ankalandira nyenyezi, ndipo nyenyezi zikachuluka Zuzu ankachoka pa phiri lake la mchenga n'kukwera lina lalitali, la masamu ovutirapo. Mayina a ana onse a m'kalasi ankaoneka pa mndandanda, wa nyenyezi zambiri pamwamba. Pamenepa ndiye panagona nkhani, chifukwa mndandandawo ana analibe nawo ntchito. Amene ankaudzukira m'mamawa anali amayi awo.

Yara pa tabuleti anali ngati nkhuku pa mphasa ya mphale. Zala zonse khumi zinkagwira ntchito. Zuzu akangoyamba kuti, "Moni bwenzi langa, lero tiphunzira," Yara anali atadina kale kamuvi ka pakona kodumphira zofotokoza, ngamila n'kutsala kukamwa kuli yasa. Ankadina mitambo, ankadina mchenga, ankadina ngakhale pamene panalibe chodina. Tsiku lachiwiri anali atatulukira kale kuti ukadina mphuno ya Zuzu kasanu ndi kawiri amayetsemula mpaka magalasi kugwa. Choipitsitsa, anazindikira kuti ukalakwa yankho Zuzu amaterereka n'kugwa chagada miyendo m'mwamba, pomwe ukakhoza amangomwetulira basi. Ndani angasiye kugwa kwa ngamila n'kusankha kumwetulira? Yara ankalakwa dala, n'kumaseka mpaka kugudubuka pa kapeti.

Sabata zitatu zitatha, mwana anali ndi nyenyezi zinayi, dzina lake lachiwiri kuchokera pansi. Wapansi penipeniyo banja lake linali litatsekeredwa kunja kwa dziko, ndiye sitingati ankapikisana naye.

Madamu analowa kukhitchini foni ili m'manja.

"Sunge, taona izi. Mwana wa Mabel, mnzake wa Yara wa m'kalasi, ali ndi nyenyezi makumi asanu. Mwana wa Mabel, amene mpaka lero amatafuna makrayoni!"

"Madamu, mwanayu samvera ngamila."

"Nanga iwe umakhala pamenepo kudikira chiyani? Kuyambira mawa ndikufuna nyenyezi khumi tsiku lililonse, nkhomaliro isanakwane. Zikakukanika, khalas, basi zatha, ndiimbira ejenti andipatse wina amene anapitako kusukulu."

Mawu omalizawo anamulasa, koma mantha anaposa ululu. Kuchotsedwa ntchito masiku amenewo sikunali kuchotsedwa ntchito wamba. Ndege sizinkauluka, viza yake inali m'manja mwa bwana, ndipo atsikana ochotsedwa ankakaunjikana ku ofesi ya ejenti, khumi ndi awiri chipinda chimodzi, kumatsokomolerana kumaso podikira kuti dziko litseguke. Kumudzi kunali ana ake awiri amene ankadya chifukwa amayi awo ankasita malaya a eni.

Mawa lake ananyengerera, analonjeza mabisiketi, anaopseza kuti aitana apolisi a masamu. Nthawi itakwana leveni koloko, Yara anali atangowonjezera nyenyezi imodzi, nayonso yopeza mwangozi, ndipo anali atakwawira pansi pa tebulo kukadyetsa chidole chake. Mtisunge anayang'ana tabuleti, anayang'ana chitseko cha Madamu, kenako anapita kukasamba m'manja.

Anakhala tsonga pa mpando, anapukuta galasi ndi nsonga ya epuloni, n'kutulutsa chala chimodzi chokha, cha mkombaphala. Zinazo anazipinda kuopa zingakhudze posayenera. Iye ankakhulupirira, monga akuluakulu ambiri, kuti m'makina aliwonse muli batani limodzi lobisika limene ukalidina chinthu chonse chimaferatu, mlandu n'kukhala wako.

Zuzu anayamba kufotokoza. Kamuvi kodumphira kankaphethira pakona, koma Mtisunge sanakayang'ane n'komwe. Kwawo ku Ntcheu munthu akamayankhula sumudula pakamwa, makamaka mphunzitsi, kaya ali ndi linunda kaya alibe. Aphunzitsi a Potiphar a Sitandade 6 anamukhomerera mwambo umenewu ndi rula ya thabwa pa mfundo za zala, ndipo unakhazikika. Anamvetsera mpaka Zuzu anatseka pakamwa, anadikiranso pang'ono poganiza kuti mwina akungopuma, kenako ananena chapansipansi kuti, "Zikomo," n'kudina.

Anakhoza. Anakhozanso. Nkhomaliro isanakwane nyenyezi khumi zinali ngwee pansi pa dzina la Yara. Madamu anasuzumira pa foni yawo n'kunena akudutsa kuti, "Waona? Nkhani inali ulesi basi."

Cholinga chake chinali choti achite tsiku limodzi lokha, mwina awiri, mpaka mwana atakhazikika. Koma tsiku lachitatu analakwa funso. Mapewa anadzikweza okha, zala zinafumbatika kudikira rula, ngakhale a Potiphar anali atagona m'manda zaka khumi zapitazo. Zuzu anaterereka, anagwa, anadzuka, anakonza magalasi ake n'kunena kuti, "Palibe kanthu bwenzi langa, tiyesenso."

Mtisunge anaiyang'ana ngamila ija nthawi yaitali. Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi ali pa dziko, palibe amene anamuuzapo mawu amenewo atalakwa. Sukulu anaisiya amayi ake atadwala, kuti azilera azing'ono ake, ndipo anachoka atauzidwa kale kuti mutu wake ndi wotungira madzi basi. Lero apa panali mphunzitsi wosatopa, wosatukwana, woti ukalakwa amagwa ndi iyeyo m'malo mwa iwe. Tinene zoona, Mtisunge anaikonda ngamila ija, ndipo anaikonda ndi mtima wonse.

Ntchito za m'nyumba zinayamba kuthamanga. Malaya a bwana ankawasita kutsogolo kokha, poti kumbuyo anthu a mu kompyuta sakuona. Anapatsa Yara foni yakale ya Madamu kuti azionera makatuni pansi pa tebulo, ndipo mwanayo sanadandaule, anaona kuti dziko layamba chilungamo. Nyenyezi khumi zinasanduka makumi awiri, makumi awiri n'kusanduka makumi atatu. Zuzu ankangokwera.

Pa phiri lachisanu ndi chinayi anakumana ndi mafulakishoni, masamu ogawa chinthu chimodzi m'zidutswa, omwe aja anamuthyola msana ku Sitandade 6. Apa ngamila inagwa mpaka Mtisunge anayamba kuimvera chisoni. Tsiku loyamba, tsiku lachiwiri, palibe chinayenda. Ankakolopa akuganiza, ankatsuka mbale akuganiza. Tsiku lachitatu anatenga buledi wachiarabu wophwatalala uja, anamudula pakati, anamudulanso, n'kumasuntha zidutswa pa tebulo la kukhitchini ngati akuombeza. Tsiku lachinayi m'mawa zinangoti mbee. Zidutswa ziwiri mwa zinayi ndi theka lomwe lija, langosintha malaya. Zuzu anafika pansonga, m'mwamba munaphulika timoto ta mitundumitundu, ndipo Mtisunge anathamangira kochapira zovala kukavina yekhayekha, nthungululu akuiimbira m'dzanja kuti Madamu asamve.

Dzina la Yara linafika pamwamba pa mndandanda ndi nyenyezi 640. Sukulu inatumiza satifiketi, bwana anatuluka m'chipinda chawo masana dzuwa likuswa mtengo kudzaisindikiza, ndipo inamatidwa pa filiji. Madamu analemba pa gulu la amayi a m'kalasi kuti, "Sitimukakamiza ayi, amangozikonda yekha. Mwina watengera kwathu." Amayi enawo anatumiza timanja towomba, uku m'nyumba zawo akukalipira ana awo. Mtisunge akamapukuta filiji, pa satifiketi paja ankapukutapo kawiri. Dzina linali la mwini, koma iye ankadziwa chala chimene chinagwira ntchito.

Chinsinsi chotere sichikhala m'mimba mwa munthu mmodzi. Anauza Flora, mnzake wa ku Zomba amene anali atagwira ntchito zaka khumi m'nyumba ina yaikulu ku Jumeirah, ndipo ankaidziwa Dubai ngati thumba la epuloni yake. Yankho linabwera pa uthenga wa mawu.

"Mwali, iwe wapenga eti? Mwana wa six years akupanga masamu a Standard 6, ukuganiza kuti a ku school ndi ogona? Kunotu everything ili pa system, ngakhale kuyetsemula amalemba. Chakomachakoma pusi anagwa chagada, mwali. Tsitsa ngamila yakoyo, yalla, fulumira asanakugwire."

Malangizo anali abwino, kungoti anafika mochedwa. Tsiku lomwelo, Lolemba, a Miss Jean, aphunzitsi enieni a Yara a mnofu ndi mafupa, anaimbira Madamu. Anati akufuna kuona Yara akuchita masamu pa kamera Lachinayi teni koloko, amayi ake ali pambali, poti mwana wotere sukulu iyenera kumudziwa bwino. Madamu anamva zoti mwana wawo akukamudumphitsa kalasi. Analamula kuti diresi yoyera ya Yara ichapidwe, ndipo gulu la amayi linadziwa nkhaniyi mphindi zisanu zisanathe.

Mtisunge anagwira njakata. Nzeru imene anaipeza inali yomwe ija ya Flora, kutsitsa ngamila kuti pofika Lachinayi mafunso akhale oti Yara angathe kuwakhoza, ngakhale mwangozi. Anatulutsa mwana pansi pa tebulo n'kumupatsa tabuleti.

"Yara, igwetse mmene umachitira muja."

Yara sanadikire kuuzidwa kawiri. Pa mphindi ziwiri Zuzu anagwa maulendo makumi awiri, anayetsemula katatu, kenako anati, "Ukuoneka kuti watopa bwenzi langa, kapume," n'kudzitseka ola lathunthu. Atatseguka anali pa phiri lomwe lija. Makinawo sankawerengera kudina kwa chipwirikiti. Kuti ngamila itsike pankafunika munthu wolakwa modekha, wolakwa ngati akuyesetsa.

Ndiye Mtisunge anakhala tsonga, natulutsa chala chake, Yara ataima pambali ngati kapitawo.

"Dina kamuvi, Sunge."

"Sanamalize kuyankhula."

"Samaliza! Amangoyankhula!"

"Akhumudwa."

"Ndi katuni, Sunge. Dina chilichonse. Dina ichi."

"Chimenecho n'cholakwika."

"Eya! Ndiye chimene chimamugwetsa!"

Chala chinalendewera m'malere. Yankho lolondola linali apo likumuyang'ana ngati m'bale wako pa depoti, ndiye umudutse bwanji ngati sukumudziwa? Atadzikakamiza, analakwa ngati munthu wamkulu. Anamvetsera mpaka kumapeto, anawerengera bwinobwino, kenako anasankha yankho lolakwika loyandikana kwambiri ndi lolondola, kuti manyazi achepe. Zuzu anagwa, anadzuka, anati, "Unatsala pang'ono bwenzi langa, tiyesenso." Mtima wa Mtisunge unasungunuka, ndipo funso lotsatira analikhoza asanadzigwire. Pofika Lachiwiri madzulo, ntchito yotsitsa ngamila inali itabala nyenyezi zina khumi ndi ziwiri.

Lachitatu anayesa njira ina. Anatenga buledi, anamudula panayi, n'kukhazika Yara pa tebulo kuti amuphunzitse m'tsiku limodzi zimene iye zinamutengera zaka makumi awiri ndi masiku anayi. Yara anadya zidutswa zitatu n'kufunsa ngati chotsalacho chili ndi mwini. Masana Mtisunge analimba mtima, anagogoda kuchipinda cha Madamu kuti akaulule. Madamu anakweza chikhatho osatembenuka n'komwe, maso ali pa anthu a mu kompyuta.

"Pambuyo pake, Sunge."

Pambuyo pakepo sipanafike. Lachinayi m'mawa Mtisunge anapinda zovala zake, anaika Baibulo ndi zithunzi za ana pamwamba, anatseka sutikesi n'kuikankhira pansi pa bedi. Ankafuna kuti akamamuthamangitsa asachite kutolera zinthu anthu akumuyang'ana.

Teni koloko inakwana. Madamu anatuluka atavala bwino kumtunda ndi kumunsi komwe, koyamba chiyambire mliri. Anaika kompyuta pa tebulo lodyera, Yara pambali mu diresi yoyera, tabuleti patsogolo. Pa galasi panaoneka a Miss Jean, mayi wa imvi ndi maso otopa a munthu amene wakhala miyezi itatu akupempha ana makumi awiri kuti atseke maikolofoni. Mtisunge anabweretsa madzi, kenako anakaima kuseri kwa chitseko cha kukhitchini, kansalu kopukutira mbale kali m'manja.

"Moni bwenzi langa, lero," anayamba Zuzu, ndipo anathera pomwepo.

Funso linabwera la zidutswa zitatu mwa zinayi kuphatikiza theka. Yara analiyang'ana mmene munthu amayang'anira mvula ya kudziko lina, n'kupita pa mphuno. Kamodzi, kawiri, mpaka kasanu ndi kawiri. Zuzu anayetsemula, magalasi anagwa.

"Miss Jean, mwaona?"

"Ndaona, Yara."

"Habibti, mwana wanga," anatero Madamu, mawu ali otsekemera koma mano atalumana, "chita mmene umachitira masiku onse."

"Ndi mmene ndimachitira."

Zuzu anagwa chagada. Anagwanso. Madamu anaseka kaseko kouma n'kufotokoza kuti mwanayu amachita manyazi ndi kamera, pamene mwana wamanyaziyo anali atatulutsa lilime kuti aone mmene likuonekera pa galasi.

"Wachita bwino, Yara," anatero a Miss Jean. "Pita ukasewere, ndikufuna kuyankhula ndi amayi."

Mwana atathamangira kuchipinda ndi tabuleti yake, a Miss Jean anavula magalasi awo n'kuwapukuta.

"Mayi, makinawa salemba mayankho okha. Amalembanso mmene munthu akudinira. Sabata zitatu zoyambirira ndinkamuona Yara bwinobwino. Zala paliponse, zofotokoza kudumpha zonse, mphuno ya ngamila osaipatsa mpumulo. Ndi mmene ana amachitira, saopa kuti chinthu chiwonongeka, amaphunzira pochigwedeza. Kenako tsiku lina kunabwera munthu wina. Chala chimodzi. Sadina pena paliponse koma pa yankho. Mphuno sanaikhudzepo. Ndipo zofotokoza zonse, zoposa chikwi, wazimvetsera mpaka kumapeto, n'kumadikiranso pang'ono ngamila itamaliza. Ndaphunzitsa zaka makumi awiri ndi zitatu, mwana wotero sindinamuonepo. Ngakhale akuluakulu ambiri satero. Ameneyu ndi munthu wamkulu, komanso waulemu kwambiri. Yara anangobwerako Lolemba kwa mphindi ziwiri, ndipo ndinamuzindikira nthawi yomweyo."

Kuseri kwa chitseko, Mtisunge anamva zonse. Ulemu umene amayi ake ankati udzamutsegulira makomo ndi umene unamugwiritsa.

"Ndiye ndifunse," anapitiriza a Miss Jean. "Amene amakhala ndi Yara pa ola la masamu ndani? Pano ndili ndi masiginecha anu khumi ndi limodzi."

Mtisunge ankaona khosi la Madamu chakumbuyo, ndipo analiona likufiira kuyambira m'munsi. Ankadziwa zimene zinkayenda m'mutumo ngati kuti akuziwerenga pa tabuleti. Akati ndi wantchito, ndiye kuti masiginecha khumi ndi limodzi aja ndi bodza, ndiye kuti mayi sanakhalepo ndi mwana wake ngakhale ola limodzi, ndiye kuti nzeru zija anati zatengera kwawo ndi za mtsikana wokolopa. Ndipo Mabel akanamva dzuwa lisanalowe. Mtisunge anatseka maso kudikira dzina lake.

"Ndine," anatero Madamu. "Ndinkangofuna kumuthandiza pang'ono."

Mtisunge anatsegula maso.

"Ndinaganiza choncho," anatero a Miss Jean, mawu atafewa. "Musadzizunze, nthawi ino ndi yovuta kwa makolo onse. Nyenyezi zonse tizifufuta, Yara ayambirenso pa phiri loyamba, ndipo chonde muzimusiya azilakwa yekha. Koma ndikuuzeni chinthu chimodzi, poti sindingachisunge. Pa phiri lachisanu ndi chinayi paja munavutika masiku anayi. Munalakwa maulendo makumi atatu ndi limodzi, koma m'mawa uliwonse munkabweranso. Ine ndinkatsegula lipoti lanu ndisanamwe tiyi, kumakuchemererani ndili ndekha kuno. Tsiku limene munadutsa ndinawomba m'manja. Anthu ambiri masamu akawakana kamodzi sabwereranso moyo wawo wonse. Munthu wa mtima umenewo ndimamuvulira chipewa."

Apa munthu wamanyazi akanagwetsa nkhope. Madamu anakonza tsitsi lawo kuseri kwa khutu n'kumwetulira modzichepetsa.

"Ine ndi mmene ndilili," anatero. "Ndikayamba chinthu sindichisiya."

Kansalu kaja Mtisunge anakapotokola mpaka zala kuwawa. Masiku anayi aja anali ake. Maulendo makumi atatu ndi limodzi aja anali ake, buledi anadula ndi iye, kochapira zovala anavina ndi iye. Kunali munthu kutsidya kwa mzinda amene ankamuwombera m'manja osamudziwa, mphunzitsi weniweni, woyamba chibadwire, ndipo kuwomba m'manjako kunali kutangolandiridwa ndi wina iye ali chiimire kuseri kwa chitseko. Pakamwa panatseguka pokha. Kenako anakumbukira sutikesi pansi pa bedi, ndi chipinda chija cha atsikana khumi ndi awiri, ndipo anapatseka.

Kompyuta itatsekedwa, Madamu analowa kukhitchini n'kukankha chitseko. Anamatula satifiketi pa filiji, anaipinda kawiri, kenako kawirinso, zidutswa zinayi zofanana, n'kuiponya m'bini. Mtisunge anaimirira manja ali kumbuyo. Mantha anali atamuthera, poti anali atazindikira kuti khoswe akakhala pamkhate sapheka. Kumuchotsa ntchito kukanafuna chifukwa, ejenti akanafunsa, bwana akanafunsa, ndipo chifukwacho Madamu anali atangochimeza okha pamaso pa aphunzitsi.

"Ukudziwa kuti ndakupulumutsa?" anatero Madamu.

"Inde, Madamu."

"Wina akanakutulutsa lero lomwe ndi sutikesi yako. Ine ndasenza mlandu wako pamutu panga. Nkhani imeneyi isatuluke m'nyumba muno, ngakhale kwa bwana. Ndipo tabuleti ija usadzaikhudzenso, wamva? Kuyambira Lamulungu, tsiku loyamba la sabata ya sukulu, uzingokhala pambali, manja pamiyendo."

"Ndamva, Madamu."

"Sunena kanthu?"

"Zikomo, Madamu."

Kuchipinda kunamveka Zuzu akupereka moni kwa bwenzi latsopano pansi pa phiri loyamba, n'kudulidwa pakamwa, kenako kuyetsemula, kenako chikhakhali cha Yara.

Madamu anali asanamalize. Anayamba za kukhulupirika, anapita pa za mmene anamulandirira ngati wa m'banja, anakhotera pa nsapato zimene anamupatsa chaka chatha, n'kubwereranso pa kukhulupirika. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wake, maso a Mtisunge anatsikira pakona kufunafuna kamuvi kaja. Chala cha mkombaphala chinagwedezeka chokha kumbuyo kwa epuloni. Koma pa Madamu panalibe kamuvi.

Anamvetsera mpaka kumapeto, anadikiranso pang'ono poganiza kuti mwina akungopuma. Nyenyezi sinabwere. Anatenga ayironi n'kupita kukasita malaya a bwana, kutsogolo ndi kumbuyo komwe.